Buledi wa Ayuda amene ndinakana kudya

Amake Tisa anabwera kunyumba kwanga mwezi watha atapanira nkhuku m'khwapa. Anakana mpando, anakhala pansi pakhonde, n'kunena kuti Tisa akukwatiwa. Popeza atate ake a mwanayo, mnzanga Lameki, anatisiya, akuti ine ndi amene ndikaime m'malo mwawo. Ndikamulowetse m'tchalitchi, ndikakhalenso pampando wa bambo kuholo.

"Alamu, kulibe wina," anatero. "Ku Joni ni imwe munatidyesa. Popanda imwe, uja mwana sembe tinamuika kwamene kuja."

Nkhuku ndinailandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Mkazi wanga anayamba tsiku lomwelo kuuza aneba. Koma ine kuyambira pamenepo nshima siikutsika bwino. Nkhani yoti ndinadyetsa banja la Lameki ku Joni aliyense kuno ku Kafue amaidziwa, ndipo siyabodza ayi. Chimene sadziwa ndi chimene ndinali nacho mumtima tsiku limene ndinawapititsira chakudyacho. Ndili ndi manyazi, ndipo ndakhala nawo zaka zambiri.

Ine ndi Lameki tinakulira mumsewu umodzi. Makolo athu onse anachokera ku Katete, atate anga anadzagwira nchito ya njanji, ake anali ku fakitale ya fetereza. Ife titakula tinapeza nchito zoterozo zitatha. Tinkangodzuka m'mawa kukaima pamageti a ku Indasitiriyo, kuyembekeza kapitawo aloze chala kuti iwe, iwe ndi iwe, bwerani mukakweze matumba. Tsiku lina akuloza, masiku anayi sakuloza. Lameki ndiye anayamba kutopa. Anapita ku Joni, patapita chaka anaitanitsa mkazi ndi ana awiri, kenako anandiimbira foni.

"Bwela, mwana," anatero. "Kuno na galu ali na nchito."

Basi ya ku Joni inkakwereredwa ku Lusaka, ndiye ndinakwera minibasi kupita kumeneko, n'kubwereranso ndi basi yaikulu kudutsa m'tauni yanga yomwe. Ndinaona msika, ndinaona sitesheni, ndinaona mayi wina wa kutchalitchi kwathu akuwoloka msewu ndi dengu pamutu. Ndinagogoda galasi ngati chitsiru, iye sanandione. Titawoloka buliji ya mtsinje ndinadziwa kuti ndapitadi.

Galu uja wa nchito sindinamupeze. Ndinapeza chipinda chimodzi ku Yeoville chogawidwa ndi katani, uko Lameki ndi mkazi wake, kuno Tisa wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi mlongo wake wamng'ono, ine pansi pafupi ndi chitseko. Wofuna kupita kuchimbudzi ankandilumpha. Miyezi itatu ndinayenda mpaka nsapato zinatsegula pakamwa, nchito osaipeza. Lameki sanadandaulepo. Ankabwera kuchokera kuzomangamanga ali mbuu ndi simenti, n'kunditenga kukakhala pamasitepe, n'kumandiphunzitsa mawu a Chizulu oyankhira apolisi. Jekete lake labwino anandipatsa kuti ndizifunira nchito, iye n'kumapita ndi juzi yong'ambika kukuzizira koopsa. Munthu uja anali ndi mtima, Mulungu amusunge.

Koma ndinene zoona, ine ndimadya. Ndi mmene ndinabadwira. Tsiku lina amake Tisa akupakula, anayang'ana mbale yanga, anayang'ana mphika, n'kunena akuseka:

"Ati mulendo ni mame. Koma aya mame a kwathu awe, zuba yafika pamutu yakali pa udzu."

Ana anaseka osadziwa chimene akuseka. Lameki anamudzudzula, koma mawu anali atatuluka. Ndinasamba m'manja, nshima ndinaisiya pomwepo. Mayi uja sanalakwe kwenikweni, chakudya chinalidi chochepa. Koma ine ndine munthu wosunga mawu. Ukandinena lero, patapita zaka zisanu ndikhoza kukuuza malaya amene unavala.

Nchito ndinaipeza kudzera mwa mkulu wina wa kutchalitchi. Inali pa sunagoge wa Ayuda, kumpoto kwa tauni, kumene mitengo imakumana pamwamba pa msewu. Ine Ayuda ndinkangowadziwira m'Baibulo, sindinkaganiza kuti ndidzawakolopera pansi. Nchito inali kusesa, kukonza mipando, kutsuka mbale. Anandipatsa kachipinda kuseri, kabedi kanga, kiyi wanga. Tsiku limene ndinasamuka kwa Lameki ndinatsazika mwaulemu, koma mumtima ndinati mame auma tsopano, mudye nokha.

Woyang'anira khitchini anali gogo wina wamfupi, Mayi Rute, woyenda mofulumira kuposa ine. Khitchini yawo inali ndi mbali ziwiri, ya nyama ndi ya mkaka, masinki awiri, mipeni yofiira ndi mipeni yabuluu. Sabata yoyamba ndinatsukira mpeni wofiira kumbali ya mkaka. Eee! Gogo uja anagwira kumutu ngati ndathyola mwendo wa mdzukulu wake. Anandikalipira, kenako anandipatsa keke, ndipo sindinabwerezenso.

Loweruka lililonse akatha kupemphera ankadyera limodzi muholo: nsomba, makeke, buledi wolukidwa ngati tsitsi la mtsikana. Tsiku limenelo iwo sagwira nchito, ndiye zotsala tinkangoziika m'firiji. Lamulungu m'mawa kunkabwera amayi anayi kapena asanu, n'kulongedza zonse m'makatoni, pamodzi ndi zotsala za pamaukwati ndi zimene mashopu a anthu awo anatumiza. Galimoto inkapita nazo kunyumba ya okalamba, kumalo ogona anthu osowa pokhala, ndi kumakomo ena amene Mayi Rute ankawadziwa. Ife antchito tinkalandiranso. Gogo uja anali ndi lamulo limodzi lolimba. Sankafuna mzere wa anthu pageti. Ankati pita pakhomo, gogoda, pereka, usaime kudikira zikomo, chifukwa munthu wanjala wasenza kale katundu, usamusenzetsenso manyazi.

Ndinanenepa. Masaya anatuluka. Kunyumba ndinayamba kutumiza kudzera kwa makondakitala a basi: mabulangeti, mafuta ophikira, nsapato za sukulu zimene zinkafika ana atazipitirira kale. Kwa Lameki sindinapondeko miyezi yambiri. Ndinamva kuti nyumba imene ankamanga yatha, ndipo tsopano akuima pamsewu ndi chipande cha simenti m'manja, kuyembekeza galimoto yofuna womanga. Ndinamva, n'kupitiriza kudya nsomba yanga. Tsiku lina chabe ndinatchulako kwa Mayi Rute kuti ndili ndi m'bale wa ana awiri amene nchito yamuthera. Ndinanena pofuna kuoneka munthu wachifundo, si kuti ndinkafuna kuchitapo kanthu.

Ndiye inafika nyengo ya Pasaka wawo. Sindinaonepo kuyeretsa kotero. Tinathira madzi owira pamatebulo, tinakuta masitovu, tinakutumula mabuku limodzi limodzi kuti kanyenyeswa ka buledi kasatsale pakati pa mapepala. Kenako anthu anayamba kubwera ndi magalimoto, n'kumatsitsa zakudya za m'nyumba zawo: buledi, fulawa, makaroni, mabisiketi, zambiri zosatsegula n'komwe. Holo inadzaza ngati shopu. Ine ndinadabwa. Munthu wanzeru zake angatulutse chakudya chabwinobwino m'nyumba, chonse, tsiku limodzi?

Ndinafunsa mlonda wa pageti, a Kamanga, Mmalawi wa ku Mzimba amene anali atakhalapo zaka zambiri. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Usandifunse ine. Madzulo ano utsegule maso, uona wekha."

Kutangoda, ndikutseka mawindo, ndinaona rabi wawo, mkulu wa ndevu zoyera, atazimitsa magetsi a muholo. Anayatsa kandulo. M'dzanja lina anali ndi nthenga ya nkhuku ndi supuni ya mtengo. Anang'ung'udza mawu m'chinenero chawo, kenako anayamba kuyenda m'makona mwakachetechete, akuwerama, akusesera tinyenyeswa ta buledi pasupuni ndi nthenga ija, n'kumaika m'kathumba. M'mawa mwake anakoleza moto mumgolo pamalo oimika magalimoto. Amuna anazungulira, aliyense anaponyamo kathumba kake, nthenga ndi supuni zomwe, onse akunena mawu amodzi.

Imwe, munthu wa ku Katete ukamuonetsa kandulo, nthenga, moto ndi mawu ong'ung'udza, aganiza chiyani? Ndili mwana tinapita kumudzi kumaliro, ndipo pamphambano ndinaona phale muli ufa ndi tindalama tasiliva. Nditangowerama, atate anandikoka khutu mpaka ndinaona nyenyezi. Anati wina wasambira pamenepo matenda ake, akufuna chitsiru chomutolera. Zimenezo ndi zimene zinandibwerera nditaima ndi tsache pafupi ndi mgolo uja.

A Kamanga anandiyandikira.

"Waona? Minyama ya chaka chonse asesa. Yaing'ono awotcha, yaikulu ili m'makatoni muja, apatse ife. Ukuganiza mzungu angakupatse fulawa wosatsegula chifukwa chokukonda? Ine zimenezo sindikhudza."

Ndinakhulupirira zonse. Ine amene ndinkaimba kwaya, wonyamula Baibulo la zipi.

Mayi Rute ankathamangathamanga, akuti zonse zituluke pageti dzuwa lisanakwere. Anandiitana, n'kuloza makatoni atatu aakulu.

"Unandiuza za m'bale wako wa ana awiri," anatero. "Awa ndi ake. Dalaivala akutula pakhomo."

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse, ndiye ndinena mosazungulira. Ndikanatha kukana. Ndikanatha kumufunsa gogo uja kuti mayi, zimenezi n'zotani? Ndikanatha kuuza dalaivala anditsitse panjira, n'kusiya makatoniwo pamgolo wa zinyalala. Ndinakhala kumbuyo kwa galimoto, miyendo nditaipinda kuti isakhudze makatoni, ndipo ndinaganiza bwinobwino, mutu uli m'malo. Ndinati ngati mulibe kanthu, adya, akhuta, andithokoza. Ngati muli kanthu, kagwere pakamwa paja panandinena kuti ndine mame. Za ana ndinaziganiza. Nkhope ya Tisa inabwera, ndinaikankhira kumbali. Za Lameki, amene jekete lake ndinali nditavala tsiku lomwelo, ndinazikankhiranso kumbali. Sindinaledzere, sanandikakamize munthu.

Ndinawapeza onse m'chipinda, masana, miphika itavundikiridwa pansi. Lameki anali ataonda, khosi ngati la nkhuku yososoledwa nthenga. Kamnyamata kanali gone pamphasa, sikanadzuke n'komwe kundilonjera. Dalaivala atalowetsa makatoni, amake Tisa anatsegula limodzi, anaona fulawa, buledi, makaroni, ndipo anagwada pansi patsogolo panga.

"Alamu, nikhululukileni," anatero akulira. "Pakamwa panga ni poipa. Nenze nakunenani, lelo ndimwe mwatikumbuka."

Lameki anangondigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Ine ndinaima pamenepo ngati bishopu, n'kumati musadandaule, ndife amodzi.

Mayi uja anapempha madzi otentha kwa aneba, anapanga tiyi, anadula buledi wolukidwa uja, n'kuika pambale yabwino imene ankasungira alendo. Anabwera nayo kwa ine choyamba, atagwada.

"Yambani ndimwe, alamu."

Ndinayang'ana buledi uja ngati njoka.

"Awe, mulamu," ndinatero. "Nili pa fasitingi."

Ine! Munthu amene chibadwire sindinasalepo kudya ngakhale theka la tsiku. Lameki anaseka pang'ono, anati Joni yakusintha, mwana. Mkazi wake sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga kansalu n'kuvundikira mbale ija. Ndinati nchito ikundidikira, ndinatuluka. Nditafika kuchipinda kwanga ndinasamba m'manja ndi mchere, jekete ndinaliyanika panja masiku atatu.

Pasanathe mwezi, apolisi anakokolola anthu pamsewu paja ankaima Lameki. Mapepala ake anali atatha. Anamusunga milungu ingapo, kenako anamukweza basi kumubweza ku Zambia ndi zovala za m'thupi zokha. Amake Tisa atandiimbira foni, ndinakhala pansi m'khitchini ya Ayuda. Ndinati zagwira. Ndapha banja la mnzanga ndi manja anga.

Kuyambira pamenepo katoni yanga ya Lamulungu lililonse ndinkapita nayo ku Yeoville. Anthu ankati taonani chikondi. Sichinali chikondi, anali mantha. Ndinkapita kukaona ngati ana akali moyo. Tisa akatsokomola, ine tulo osabwera. Mayi wa anawo anali wolimba kuposa tonse. Fulawa uja anayamba kukazinga vitumbuwa n'kumagulitsa pakona, pafupi ndi pokwerera matekisi, ndipo patapita miyezi ingapo anakweza ana basi kubwerera kwawo. Atafika kuno anauza tchalitchi chonse, msika wonse, kuti ku Joni kuli munthu wa Mulungu. Mkazi wanga anandiimbira akunyadira, akuti anthu akumupatsa moni amene kale sankamupatsa.

Chaka chitazungulira, kuyeretsa kuja kunayambanso. Ulendo uno ndinalimba mtima. Ndinapeza Mayi Rute akukuta sitovu, ndinawafunsa kuti mayi, chakudya chimene mumatulutsachi chimakhala ndi chiyani? Sanamve. Ndinafotokoza za mphambano, za phale, za munthu wotaya tsoka lake kuti wina atole. Gogo uja anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anandikhazika pampando.

Anati makolo awo potuluka mu ukapolo ku Iguputo anachoka mofulumira, buledi wawo analibe nthawi yotupa. Ndiye chaka chilichonse, masiku a Pasaka, sadya kapena kusunga m'nyumba chilichonse chotupitsa, pokumbukira ulendo umenewo. Kandulo ndi younikira m'makona, nthenga ndi katsache chabe. Mawu amene amanena pamoto ndi oti ngati katsala kena kamene sitinakaone, sikathunso, kakhale ngati fumbi.

"Tinyenyeswa timawotcha," anatero. "Koma thumba la fulawa ungaliwotche bwanji, anthu ali ndi njala tsidya la msewu? Limenelo lingakhale tchimo."

Imwe, nkhani ya Eksodo ndinaiphunzira ku Sande sukulu. Ndinaimbapo nyimbo zake. Inali m'Baibulo langa la zipi lija, pansi pa pilo, chaka chonse chimene ndinkasamba ndi mchere.

Tsiku lomwelo ndinazungulira kugeti lakumbuyo kukataya madzi, ndipo ndinapeza a Kamanga akukweza makatoni asanu pabaki, galimoto yonyamula katundu ya mlamu wawo. Ndinawafunsa kuti nanga minyama ija? Anaseka mpaka anatsamira galimoto.

"Iwe, chaka chatha unali mlendo, ndimafuna gawo lako. Ndiye unakhulupiriradi? Fulawa ali ndi minyama?"

Ndinafuna kuwamenya ndi chidebe. Kenako mtima unapepuka, ndinati ndiye kuti Lameki sindinamugwiritse ndine, anagwidwa chifukwa cha mapepala basi. Kupepukako sikunathe ngakhale ola limodzi. Ndikukolopa muholo ndinaona bwinobwino kuti a Kamanga ananama kuti adye, zimene munthu aliyense wanjala angachite. Ayuda aja anapereka ndi mtima woyera. Pagulu lonselo munthu amene ananyamula chinthu akuchiyesa choipa, n'kukachipereka kwa ana a mnzake, ndinali ine ndekha. Kuti munalibe kanthu m'makatoni muja sizinandiyeretse ayi.

Ndinakhalabe pa sunagoge paja zaka zina zingapo, mpaka msana unayamba kukana. Pobwerera Mayi Rute anandilongedzera katoni ya paulendo, ndinadya yonse tisanafike pa Beitbridge. Kunyumba ndinapeza zinthu zitayenda popanda ine. Mkazi wanga anali ndi shopu yake ya zitenje pamsika ndi udindo kutchalitchi chatsopano cha magitala. Mwana wanga woyamba anali wamtali kundiposa, wotsiriza ankanditcha ba ankolo. Ndinkafunsa kumene amasunga shuga m'nyumba yanga yomwe.

Lameki anali ku Shimabala, akulima repu ndi tomato pamunda wa achibale a mkazi wake. Chifuwa chinali chitamugwira kale, simenti ija. Ndinkapita kukamuona, ndipo ulendo uliwonse ndinkanyamuka nditatsimikiza kuti lero ndimuuza. Ndikafika, iye n'kuitana aneba kuti bwerani muone m'bale wanga amene anasunga ana anga ine nditagwidwa. Ndiye uyambira pati? Ndinkangodya chimanga chowotcha n'kubwerera. Anamwalira osadziwa. Pamaliro mlaliki anatchula dzina langa kawiri, anthu n'kumatembenuka kundiyang'ana mwaulemu.

Nkhuku ya amake Tisa tinaidya, koma ine ndinangolawa msuzi. Ndinaganiza masabata awiri. Kunama kwa munthu wakufa ndinanama, koma kukagwira dzanja la mwana uja pamaso pa Mulungu, n'kukhala pampando wa atate ake, ndinaona kuti sindingathe. Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi ya ku Lusaka, n'kutsikira pa Shimabala.

Amake Tisa ndinawapeza pamsewu, pathandala lawo, akuunjika tomato. Anandipatsa chidebe chovundikira kuti ndikhalepo. Malole ankadutsa, ndinkadikira phokoso lithe, lina n'kubwera. Pomaliza ndinangoyamba. Ndinanena za kandulo, za nthenga, za a Kamanga, za zimene ndinaganiza kumbuyo kwa galimoto. Sindinabise kanthu, ngakhale za pakamwa paja. Ndinkayang'ana pansi, pa tomato wophwanyika amene nyerere zinkamudya.

Iwo sanasiye kuunjika. Nditamaliza anapukuta manja pachitenje.

"Mwasiliza?"

"Nasiliza, mulamu."

"Nenze niziba."

Ndinadzutsa mutu.

"Za nthenga na kandulo sinenze niziba," anatero. "Koma imwe alamu, munthu wamene anali kupempha makoko a mumphika, mukane buledi ati fasitingi? Kwathu munthu akabwelesa chakudya amayamba ndiye kulawa. Pamene munakana, ninaziba kuti muli na chamene muopa."

"Nanga munadyelanji?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Tenze na masiku abili osaika mphika pamoto. Tikanachita bwanji? Mutachoka ninauza atate ake Tisa kuti buledi yanunkha, tiyembekeze. Anakalipa, sininamvele. Ninadya ine neka, zidutswa zibili, na makaloni pang'ono. Ninati ngati ni kufa, nife ine. Ana ninawagoneka na njala tsiku lachitatu, makatoni atatu ali pamutu pawo. Tisa analila mpaka mawu anasila, agwilila katoni, ati amama nipaseniko chabe kang'ono. Ninamumenya kuti asiye. Kutacha nikali moyo, ndiye ninawapasa."

Zimenezi sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti ngakhale mtima wanga unali woipa, ana aja anakhuta tsiku lomwelo. Ndinalira pamsewu, bambo wa imvi, anthu a m'minibasi akundiona.

"A Lameki munawauza?" ndinafunsa.

"Niwauzilenji? Anali na munzawo umozi chabe."

Ndinati ndiye mundimasule, mulamu. Mupeze wina, amalume ake alipo ku Chipata, ine sindiyenera mpando umenewo. Ndinati ngati mufuna ndikaima kutchalitchi Lamulungu, ndikaulule pamaso pa onse, Tisa amve yekha.

Apa ndi pamene anakwiya. Anaimirira, anandiloza ndi chala, chinthu chimene mayi uja sanachitepo kwa ine.

"Muyese! Mufuna mupepukidwe imwe, mwana wanga ndiye asenze? Sabata ya ukwati wake? Uja mwana akula aziba kuti pa Joni ponse panali munthu umozi wamene anawakumbuka. Atate ake kulibe. Manje mufuna mumulande na uyo? Awe, alamu. Mutima wanu ise sitinadye, tinadya buledi, ndipo ana anakula. Manyazi ni yanu, musunge mweka."

Kasitomala anaima, anagula tomato wa mulu umodzi, anapita. Amake Tisa anakhalanso pansi, n'kuyamba kudzaza mulu umene unachoka.

"Suti muli nayo?" anafunsa osandiyang'ana.

"Nili nayo."

"Mukaichape. Pa Chibelu naini koloko, musachedwe."

Suti ndachapitsa, ili pachitseko. Pa Chibelu pamenepo, Loweruka likubwerali, ndidzamugwira dzanja Tisa kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka kutsogolo. Kuholo adzatchula dzina langa, adzanena za ku Joni, amayi adzaimba nthungululu, ndipo ine ndidzaimirira n'kuwerama mwaulemu, mayi ake ali pampando wa pambali panga.